Nsapato Munatumiza Zija

Songani, Domasi

Alamu anga a Lisa,

Ndikhulupirira muli bwino kusukulu yanu yakunjako. Kuno mpunga wacha, ana ali bwino.

Tamva kuti mwatulukira zoti madzi ofinyidwa m'timitengo ta tiyi totayidwa kufakitale amachedwetsa chakudya kusanduka shuga m'thupi, moti makoswe omwe mukuyeserawo akuchira. Makoswewo ndi amwayi, ali nanu pafupi.

Bambo anu, chilonda cha shuga chakuphazi chija chinakula. Kuchipatala ku Zomba ankaitana dzina lanu mpaka mawu kutha. Ine ndinkangowayankha kuti, "Bambo, a Lisa akudwazika makoswe."

Nsapato munawatumizira zija zafika, ndi zokongola kwabasi. Avala yakumanjayo. Inayo ndikusungirani, mudzaitenge mukadzapeza mpata. Musathamange ayi, anasiya kukufunsani.

Ndine mlamu wanu,
Esnath