Kontena ya Chivindikiro Chobiriwira

Gulu: Mimba ya Mlongo Wanga
Mamembala: Alamu, Bambo a ana, Ine

LOLEMBA

Alamu, 07:12
nde mwati sabata yachitatu ino munthu akungothamangirabe ku toilet? mlamu mukumuphikira chani mlongo wanga

Ine, 07:20
zomwe analemba adokotala. list ndinakutumizirani kawiri. tirigu ayi, mtedza ayi, mazira ayi, mkaka ayi

Alamu, 07:21
chatsala nchani? mpweya?

Bambo a ana, 07:40
osakangana pls. ndili bwino

Alamu, 07:41
iwe khala chete, lamba wako wafika pa bowo lomaliza. ndinakulera ine, unkamaliza buledi wathunthu pa kapu imodzi ya tiyi osatupa ngakhale chala. za gluten zokana tirigu zi zayamba utakwatira

Ine, 10:05
voice note 0:52
"Alamu, ndili pa break, ana a sukulu akusokosa, mumvetsere bwino. Sefa ndinagula yatsopano. Poto yawo ndi yawoyawo, ndinamata tepi yofiira. Toaster ndinapatsa aneba. Ana anga akafuna buledi amakadyera pakhonde ngati akuba. Ku shopu ndimawerenga paketi iliyonse mpaka mlonda anayamba kundilondola. Buledi wa ufa wa mpunga ndaphika kanayi, woyambayo tikutsekera chitseko mpaka pano, wachinayi amadyeka. Ndichitenso chiyani? Ndiwatafunire?"

Alamu, 10:11
kuwerenga mapaketi si kuphika

Bambo a ana, 12:31
📷 chithunzi
lunch ya lero pa desk yanga, monga ananenera adokotala kt tizijambula chilichonse chomwe ndadya. mpunga ndi nkhuku. zkm madam

Alamu, 12:33
chakudya chotuwa ngati cha mkaidi

LACHITATU

Bambo a ana, 12:30
📷 chithunzi
mbatata ndi nyemba

Bambo a ana, 14:15
mimba yayambanso. yatupa ngati ndameza mpira

Ine, 14:40
koma bwnj? nyembazo ndinasankha ndekha imodzimodzi. mwadya china?

Bambo a ana, 14:58
madzi okha

Alamu, 15:02
basi zakwana. Loweruka ndikubwera kudzamutenga, akakhale kwanga mwezi umodzi. amayi ndawauza kale kt kwanuko mwana wawo akutha

Ine, 15:03
mwawauza apongozi anga kt ndikupha mwana wawo?

Alamu, 15:04
ine sindinati kupha. ndinangoti akutha. zinazo anawonjezera okha

Ine, 15:06
bambo a ana, inu mukuti bwnj?

Ine, 16:30
ndikuona mwawerenga

LACHINAYI

Bambo a ana, 12:32
📷 chithunzi
mpunga ndi masamba

Bambo a ana, 12:57
madam milomo ikutupa

Bambo a ana, 12:58
pakhosi pakuthina

Ine, 12:59
jakisoni uja anakupatsani adokotala ali mthumba la mkati la jekete. dzibayeni pa ntchafu POMPANO

Ine, 13:00
missed call

Ine, 13:01
missed call

Ine, 13:03
ndaimbira a pa reception, akukutengani pa galimoto ya ofesi. ndasiya kalasi, ndikubwera

Alamu, 13:10
Mulungu wanga. mwamupatsa chani

Ine, 14:05
tili ku chipatala. akupuma bwino tsopano. adokotala akuti mwina ndi mtedza

Alamu, 14:07
voice note 1:14
"Mtedza! Mwamva? Si inu munkadzitama za sefa yatsopano ndi tepi yofiira? Tepi imaphika? Ine ndinanena kalekale kuti zophika zowerenga pa foni zidzatipweteketsa. Mlongo wanga ndi mmodzi yekha, mlamu. Inu akapita mudzakwatiwanso, ine mlongo ndikamugula kuti? Loweruka lachedwa, ndimutenga akangomutulutsa."

Alamu, 14:30
mwakhala chete bwnj

Alamu, 15:10
chete wa munthu wolakwa

Ine, 15:48
ndinali pa benchi kunja kwa ward, kulira. mnyumba mwanga mtedza sunalowe chiyambire mwezi watha, koma ndinafika pokhulupirira kt mwina ndine ndithu

Ine, 15:50
kenako adokotala anapempha zithunzi za lunch. nde ndinayamba kuzikulitsa ndi zala kt aone bwino

Ine, 15:51
📷 chithunzi
Lolemba. yang'anani kuseri kwa computer, kumanja

Ine, 15:51
📷 chithunzi
Lachitatu. pomwepo

Ine, 15:52
📷 chithunzi
lero. yasunthako pang'ono, ikuoneka bwino. kontena ya chivindikiro chobiriwira

Alamu, 15:58
makontena obiriwira ali mbwee dziko lonse

Ine, 15:59
yopsa pakona imodzi? inapsa pa mbaula yanga. munatengeramo keke pa birthday ya mwana wanga wamkulu chaka chatha, munati mubweza mawa lake

Ine, 16:00
yayenda bwnj kuchoka kwanu kukafika pa desk ya mlongo wanu? ili ndi miyendo?

Ine, 16:12
alamu mwakhala chete bwnj. paja mumati chete wa ndani?

Bambo a ana, 16:20
madam tikambirana kunyumba

Ine, 16:21
lembani pompano. zala sizinatupe

Bambo a ana, 16:29
achemwali ankadutsa ku ofesi cha mma 12. timabanzi tiwiri tokha

Ine, 16:30
kangati?

Bambo a ana, 16:34
masiku ena

Bambo a ana, 16:35
masiku onse

Ine, 16:36
nde mumayamba mwajambula mpunga wanga, nkutumiza, "zkm madam", kenako mabanzi. madzulo nkumabwera mutagwira mimba, ine nkumatsuka mapoto kawiri ndi madzi otentha

Bambo a ana, 16:38
buledi wanu uja ndi wabwino, koma umauma pakhosi

Ine, 16:39
lero pakhosi panafewa eti?

Alamu, 16:44
ine ndimangomumvera chisoni. munthu wamkulu kumadya ngati mbalame. kabanzi kamodzi sikanaphepo munthu

Ine, 16:45
nanga ka lero?

Alamu, 16:49
lero sanali mabanzi, anali mabisiketi. ndipo ndinatsatira list yanu yomweyo. mazira sindinaike, mkaka sindinaike. ndinangothira ka peanut butter pang'ono kt ufa ugwirane

Ine, 16:50
list ili ndi mizere inayi alamu. mwawerenga iwiri yapansi

Ine, 16:51
ndili ndi ana a zaka 7 mkalasi mwanga amene amayambira pamwamba

Bambo a ana, 16:55
pepani madam. sindinafune kuwakhumudwitsa achemwali

Ine, 16:58
voice note 0:41
"Simunafune kuwakhumudwitsa. Dzulo akunditcha wakupha kwa amayi anu, munawerenga, munakhala duu, zinyenyeswa zili pa malaya. Lero ndathamanga pa msewu nsapato zili m'manja, ndikuganiza kuti ana ndikawauza chiyani. Ndinaopa, mukumva? Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Mwavumbwa nokha, koma mwanyowetsa ine."

Ine, 17:10
akuwatulutsa 6 koloko. alamu bwerani mudzawatenge, munati simudikira Loweruka. list ndatumizanso kachitatu. muyambire pamwamba

Alamu, 17:18
aaa mlamu zisafike pamenepo. mwamuna amayenera kukhala ndi mkazi wake

Alamu, 17:19
komanso kwanga kulibe poto yapadera, ndipo adzukulu amadya buledi paliponse

Alamu, 17:20
jakisoni ujanso ine ndimaopa

Ine, 17:22
apongozi muwaimbira inu kapena ndiwatumizire zithunzi?

Alamu, 17:31
ndiwaimbira

Ine, 17:32
pa loudspeaker, ine ndilipo. ndipo kontena yanga ibwere yotsuka

Alamu atuluka m'gulu

LACHISANU

Bambo a ana, 06:20
madam mwapita kale ku sukulu? lunch box yanga ili pa tebulo koma mulibe kanthu

Ine, 06:41
poto ya tepi yofiira ili pa shelefu yapamwamba. list ili pa fridge. mimba ili pa inu

Bambo a ana, 06:43
ok

Bambo a ana, 06:58
mpunga kapu imodzi amathira madzi makapu angati?

Bambo a ana, 07:15
madam?

Bambo a ana, 07:32
wayamba kununkha kupserera