Musamutumize ndi Amalume

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Mwendo uja ukupwetekabe? Mankhwala opaka aja muzipakadi, osamangowasunga m'sutikesi ngati akudikira alendo. Ine ndilipo, kupatula chifuwa chomwe sichitha chifukwa cha fungo la pulasitiki. Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula ndisanamalize, mumvekere aja ndi amalume ako, usatero. Pepala simungalidule mawu.

Achimwene atuluka m'chipatala. Amalume anakuuzani kuti anangopsa pang'ono. Amayi, dzanja lamanja lija zala zinakwinyika, sizitambasuka, ndipo adokotala akuti tisayembekezere zambiri. Mabatani a malaya ndimawamangira ndine m'mawa ndisanapite ku ntchito. Munthu uja ankaseka mpaka eni nyumba kugogoda khoma, lero amangokhala pa matiresi n'kumayang'ana chitseko. Denga nalo likudontha pakona pomwe amagonapo. Eni nyumba akungoti mawa, ndiye tinangoikapo beseni.

Ndikufotokozereni ntchito yathu kuti mumvetse, poti amalume akadzafika adzaifotokoza mwawomwawo. Timapanga zinthu zikuluzikulu zapulasitiki, mabini a zinyalala ofika m'chifuwa ndi mathandala osanjapo katundu m'mafakitale. Makina amasungunula pulasitiki, kuisakaniza ndi mpweya, n'kuipopera m'chikombole chachitsulo chachikulu kuposa chitseko cha kwathu. Mmenemo imafufuma ngati buledi, kunja kolimba, m'kati thovu. Kunjako kumauma msanga pamene m'kati mukadali kubwata. N'chifukwa chake chinthucho chimayenera kukhala m'chikombole mpaka chizizire ndithu. Ukachitulutsa msanga chimaoneka ngati chatha, ungathe n'kuchigogoda, koma moto uli m'kati, ndipo mpweya uja ukufuna potulukira.

Sabata imene achimwene anapsa kunabwera oda yaikulu ya mathandala. Amalume, poti ndi kapitawo, anauza makaniko kuti achepetse nthawi yoziziritsa. Makaniko anakana, akuti zinthu zizituluka zotupa. Amalume anapita pa makinapo n'kusintha okha. Ine ndinali pa tebulo langa lopalira m'mphepete mwa mathandala, ndinaona ndi maso angawa. Thandala lililonse limatuluka ndi kachitsa pomwe pulasitiki inalowera, ife timati mchombo, ndipo ntchito ya achimwene inali yodula mchombowo. Tsikulo atangolowetsa mpeni, mchombowo unaphulika. Pulasitiki yamoto siyenderera ngati madzi, Amayi, imamatirira. Inalowa m'golovesi. Povula golovesilo khungu linatsatira.

Mabwana atafunsa, amalume anati mnyamatayo anali atavula magolovesi chifukwa cha thukuta. Achimwene anafunsidwa ali pa bedi m'chipatala, amalume ataima kumutu kwawo ndi botolo la juwisi m'manja, ndipo anavomera. Akuti sakanatha kuchititsa manyazi munthu amene anatipezera ntchito. Ine nditapita ku ofesi, mayi wolemba anthu ntchito anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati mwini dzanja wavomera kale, nanga ine ndine ndani. Makaniko ali ndi ana ang'onoang'ono, anangoti iwo sanaone bwinobwino. Golovesi lija ndinakalifuna ku zinyalala, sindinalipeze. Mathandala otupa aja anawagaya tsiku lomwelo.

Lamlungu lapitali amalume anabwera kuchipinda kwathu ndi akazi awo, akuti kudzapemphera ndi wodwala. Mpando ndinawapatsa, madzi ayi. Pemphero litatha anati mwezi ukatha abwera kumeneko kudzasiya achimwene kuti akapume, ndipo pobwerera atenga mng'ono wanga, poti malo odula mchombo ali opanda munthu ndipo ndi bwino akhalebe a m'banja mwathu. Akuti inu munavomera kale, munathokozanso. Ndinawafunsa ngati nthawi yoziziritsa ija anaibwezera mwakale. Anayang'ana akazi awo, kenako anati, "Iwe pakamwa pakopa padzakuchotsetsa ntchito."

Ndinati, "Bola ntchito, malume, manja ndidzachoka nawo."

Achimwene anandikodola kuti ndikhale chete, ndi dzanja lamanzere. Akazi awo a malume anayamba kufunafuna nsapato zawo pakhomo. Nthawi yoziziritsa ija sanaibwezere, Amayi. Mathandala otupa ndimawaona pa mulu tsiku lililonse, ndipo bambo wongogwirizira amene akudula mchombo masiku ano amadula ataima patali, nkhope atayang'ana kumbali.

Pempho langa ndi limodzi. Mwanayo musamutumize. Ndikudziwa kuti amalume ndi alongo anu, kuti bambo atamwalira ndiwo anaimirira pakhomo pathu, ndipo chibadwire simunawakanepo kanthu. Ndikudziwanso kuti mwiniwakeyo akufunitsitsa kubwera, anandiuza kuti wasoketsa kale diresi la paulendo. Msiyeni alire, andide, ine kudedwa ndinazolowera. Abwereze mayeso aja, za kusukulu ndiona ine. Achimwene akafika musawafunse kuti zinakhala bwanji, adzakuuzani zomwe anauzidwa. Muwakhazike pakhonde kukuwala, mumasule bandeji ndi manja anu, muyang'ane mpaka mukhutire. Mukatero ndiye muwayankhe amalume.

Mukamutumizabe, ndidzakamulandira ku depoti, poti ndi mwana wa mayi anga. Koma mpeni uja sadzaugwira. Ndidzapempha kuti iye atenge tebulo langa, ine ndipite ku mchombo, ndipo amalume sadzakana, adzakondwa kumene. Ndiye posankhapo mudziwiretu kuti dzanja lomwe mukuperekalo ndi langa.

Mundiperekere moni kwa agogo, muwauze kuti juzi lija ndidzawapatsira achimwene. Moni kwa amayi aang'ono ndi ana, kwa azakhali, ndi kwa alamu anga ngati akadali kubwera kudzakudulirani nkhuni. Mng'ono wanga mumuwerengetse kalatayi yekha, musamubisire ndime iliyonse. Amalume akafika musawapatse moni wanga, sindinatumize.

Tsalani bwino, ndipo mwendowo muziupumitsa.

Ine mwana wanu wachiwiri,
uja mumati Wapakamwa