Foni ya Bambo Ikukuitanani

Lachiwiri, 14 Okutobala

Okondedwa achemwali anga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka ndithu, kupatula mwendo wa amayi umene ukumatupa kunja kukatentha. Ndalemba pamanja chifukwa mauthenga ambiri a pafoni mumangowerenga n'kukhala chete, ndipo ine ndimaona kuti mwawerenga, musamandiyese wakhungu. Mwina pepala mulichitira manyazi.

Ndikufuna mubwere kunyumba. Ndanena poyambirira pomwe kuti musavutike kufufuza kumene ndikulowera. Pamaliro a bambo simunabwere, ndipo sindinakufunseni chifukwa, popeza ndikuchidziwa. Ndinalipo tsiku lija pamene anakuuzani kuti, "Ukatuluka pakhomo pano ndi mwamuna ameneyo, sindidzakuitananso." Inu munatuluka, iwo anasunga mawu awo, ndipo ife otsalafe tinangokhala pakati ngati mpanda. Makani anu ndi awo ndi amodzi, wina asanamizire mnzake.

Nkhani yake ndi ya kompyuta ija ya m'shopu yojambulira zithunzi. Mukukumbukira kuti bambo sankaitana munthu ndi pakamwa. Ankati kukuwa n'kwa oitanira mabasi. Anakoka mawaya kuchokera m'shopu mpaka kukhitchini ndi pakhonde, n'kupachika masipika, ndipo aliyense wa ife anam'patsa nyimbo yake. Ya amayi inali ya malipenga ija, ikalira ndiye kuti tiyi akufunika. Yanga inali ya ng'oma zothamanga, chifukwa ankati ndimayenda ngati miyendo ndi yobwereka. Yanu inali yodekha ija, ya gitala mmodzi ndi mayi woimba motsitsa mawu. Chichokereni inu, nyimbo imeneyo sinalirenso pakhomo pano. Ikayamba mwangozi, ankaidumpha woimbayo asanatsegule n'komwe pakamwa.

Chimene simukudziwa n'chakuti miyendo itayamba kuwavuta, mmisiri wa makompyuta uja timam'tcha a Mawaya anawaikira kapulogalamu pafoni. Kapulogalamuko kankalankhulana ndi kompyuta kudzera pa intaneti ya m'nyumba, moti bambo ali chigonere kuchipinda ankasankha nyimbo pafoni, kompyuta ya m'shopu n'kuiimba. Tinaona zakuda, achemwali. Ng'oma zanga zinkalira ngakhale akungofuna kufunsa ngati kunja kuli mitambo.

Atamwalira kuchipatala kuja, shopu ndinaitenga ine. Nyimbo ndinasiya kuziyatsa, mtima sunkalola. Foni yawo tinaifunafuna osaipeza, ndipo tinangoti inasowera kuchipatala komweko.

Mwezi wathawu, tsiku lina nthawi ya tiyi wa madzulo, ndinkajambula mayi wina chithunzi cha pasipoti. Ndinali nditangomuuza kuti akweze chibwano pamene masipika onse analira nthawi imodzi. Anali gitala wanu uja. Ndinatembenuka kuyang'ana pakompyuta, pampando panalibe munthu. Kamera inatsala pang'ono kundipulumuka.

"Kodi mwatani?" anafunsa mayiyo. "Mwaona chiyani kumbuyo kwangaku?"

Ndinasendera pakompyuta, ndipo pakona ya sikirini panali timawu tija tinkatuluka kale, takuti foni ya bambo yalumikizidwa. Nyimbo inalira mpaka kumapeto, kenako kunangoti zii.

Mawa lake inaliranso nthawi yomweyo, mkuja wakenso chimodzimodzi. Alamu anu, amuna angawa, inu mukudziwa mmene amadzitamira kuti saopa kanthu, anayamba kupeza zochita kutauni dzuwa likangopendeka. Telala wa khomo loyandikana nafe anabwera kudzandinong'oneza kuti, "Mwana wanga, izi si zosekera, itanani abusa." Ine ndinkachita mantha, sindikubisirani, koma mantha ake anali osakanikirana ndi chisoni. Ndinkangoti, ngati ndi bambo, bwanji akuitana munthu amene kulibe, ife tili pompano?

Tsiku lina nyimbo ili mkati ndinalimba mtima n'kuzungulira nyumba yonse. Ndinapeza amayi atakhala pabedi, chitseko chili pululu, maso ali kugeti. Pansi pa pilo panatuluka chingwe cha tchaja. Nditakweza piloyo ndinaona foni ya bambo ikuwala.

"Amayi, ndinu mukuimba nyimboyi?"

"Ine ndidziwa kudina pati?" anatero. "Ndinaipeza m'thumba la jekete lawo. Ndinangoti ndiitchaje ndizionako nkhope yawo ili pamwambayo. Zinazi akuchita okha."

Ndinaitana a Mawaya. Anaitembenuza foniyo, kudina apa, kudina apo, kenako anavula magalasi. "Apa palibe mzukwa, mayi," anatero. "Kapulogalamuka kali ndi potchera nthawi, ngati wotchi yodzutsa munthu. Mdala anatchera kuti nyimbo iyi izilira tsiku lililonse. Taonani tsiku limene anatchera." Nditayang'ana, linali la m'sabata yawo yomaliza kuchipatala. A Mawaya anafotokoza kuti kuchokera kumeneko foni sikanatha kuifikira kompyuta, choncho kuitanako kunangokhala m'foni momwemo, batire n'kutha, mpaka tsiku limene amayi anaitchaja. Anabwerezanso kuti mzukwa palibe, koma tiyi anakana, ndipo anachoka msangamsanga nthawi ya nyimbo isanakwane.

Ndiye achemwali, bambo anakuitanani. Anaphwanya okha mawu awo aja. Ndikaganiza kuti mwina ali pabedi lija ankakhulupirira kuti kunyumba nyimbo yanu ikulira, mtima umandiwawa koopsa. Ine ndinali pambali pawo masiku onsewo, kuwamwetsa madzi, kuwatembenuza, koma sanandiuze kanthu. Nsanje inandigwira pang'ono, imeneyo ndavomera, koma inatha.

Ndinafuna mudzamve ndi makutu anu, osati kuuzidwa. N'chifukwa chake ndinakulemberani pafoni kuti pali nkhani yofunika mubwere, inu n'kundiyankha ndi kachithunzi kokha ka chala chachikulu chovomereza. Ndinati palibe kanthu, ndidikira, nyimbo sithawa.

Komatu kompyutayo inali itayamba kale vuto lina. M'mawa uliwonse ndikaiyatsa pankatuluka kabokosi konena kuti pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse yakalamba, tivomere iike yatsopano. A Mawaya anandichenjeza kuti, "Mukangovomera, kapulogalamu ka mdala kathera pomwepo. Amene anakapanga anasiya kalekale kukakonza, ndipo ndi yatsopanoyo sizimvana." Choncho tsiku lililonse ndinkadina pamene palembedwa kuti indikumbutse mawa. Ndinauza aliyense m'nyumba, mpaka ndinamata kapepala pambali pa sikirini kuti wina asayerekeze kuvomera.

Lachisanu lapitali ndinaperekeza amayi kukaonetsa mwendo, shopu ndinasiyira alamu anu. Makina osindikizira anakana kugwira ntchito, kasitomala ali chilili kudikira makadi a ukwati. Alamu anu thukuta lili kamukamu, anaganiza kuti chikutsekereza zinthu ndi kabokosi kaja, ndiye anavomera. Kompyuta itadandaula kuti malo achepa, anavomeranso kuti ifufute zakale. Pobwera anatilandira akumwetulira, amvekere, "Ndakukonzerani, taonani mmene ikuthamangira tsopano." Zimene ndinawayankha si zolemba m'kalata. Pambuyo pake zinadziwika kuti makinawo anangotsamwa ndi pepala.

Nthawi ya tiyi itakwana, amayi anali atakhala kale pamalo pawo, mankhwala a mwendo ali m'manja osamasula. Tinadikira. Masipika sanalire. Kukhala chete kwa tsiku limenelo sindinakumvepo ngakhale pa tsiku la maliro.

A Mawaya anayesetsa kubweza zakale koma zinakanika, popeza zinali zitafufutidwa. Nyimbo zokha zilipo zonse, palibe yatayika, anazisamutsira m'pulogalamu ina yatsopano. Ndiye Loweruka ndinati ndiwathandize amayi. Nthawi itakwana ndinalowa m'shopu mwakachetechete n'kuyatsa nyimbo yanu ndekha. Isanafike pakati, ndinamva ndodo yawo ikugogoda m'khonde. Anaima pakhomo la shopu.

"Zimitsa," anatero.

"Amayi, ndi yomwe ija."

"Ndati zimitsa. Ukaimba iwe ndiye kuti waitana ndiwe. Mkulu wako sanayambane ndi iwe."

Ndinazimitsa, ndipo sindinayeserenso.

Chimene chikundisowetsa mtendere tsopano n'chakuti foni ija sikudziwa kuti zinthu zasintha. Nthawi ikakwana imayaka yokha. Pamatuluka kamkombero kozungulirazungulira, pansi pake palembedwa kuti ikufunafuna kompyuta. Imafuna kwa kanthawi, osaipeza, kenako n'kuzima. Mawa lake imayambiranso. Nyimbo yolira yokha inkandiopsa, koma izi zikundiopsa kuposa, chifukwa munthu akuitanabe, koma mawu sakutuluka. Kompyuta ili pompo, kuseri kwa khoma limodzi lokha.

Amayi asintha pokhala. Masiku ano amatenga foniyo n'kupita nayo pakhonde, kuiika pamiyendo, nkhope kuloza kugeti. Ikangoyaka, iwo amayamba kung'ung'udza nyimbo yanu. Mawu ake sawadziwa onse, ndipo mpweya umawathera panjira, koma salekeza mpaka foniyo itazima. Telala uja amaimitsa makina ake nthawi imeneyo, anthu odutsa mumsewu amachepetsa mawu. Ine ndimayesa kugwira ntchito, koma dzulo ndinajambula munthu chithunzi chopanda mutu.

A Mawaya akufunsafunsa kwa anzawo ngati wina ali ndi kompyuta yakale imene ingamvane ndi foniyo. Sakulonjeza. Andiuzanso mosabisa kuti batire latupa, chivundikiro chakumbuyo chayamba kukanuka, ndipo mafoni a mtundu umenewu zipangizo zake zinasowa m'mashopu. Akuti tsiku lina tidzaitchaja koma sidzayaka. Tsiku lake palibe akulidziwa.

Sindikukupemphani kuti munene kuti bambo ankalondola. Sankalondola, ndipo ndikuganiza kuti iwonso anadziwa. Bwerani ndi alamu, bwerani ndi ana, nyumba ndi yanu. Chipinda chanu tinaikamo mafelemu a zithunzi, koma ndiwachotsa sabata ino.

Ana anga akupereka moni kwa amayi awo aakulu amene amangowaona pachithunzi. Telala akuti mumukumbukire, ndiye anakusokerani yunifolomu yanu yoyamba. Alamu anu akupereka moni mwamanyazi, akuti adzakuchingamirani okha kokwerera basi, ndipo mudzawakalipire mmene mungafunire, sadzayankha. Amayi ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndiwalembere. Ati ayi, mawu ananena kale eni ake.

Moni wa bambo sindingathe kuuika m'envelopu, achemwali. Ukumafika pakhonde tsiku lililonse nthawi ya tiyi. Bwerani mudzaulandire nokha foniyo ikadayaka.

Ndatha ine mng'ono wanu wokukondani.