Zaka za Gitala ya Adada

Lolemba, 14 Julaye

Nkhata pamanda pa Adada sizinafote n'komwe, a Blackson, mng'ono wawo, atulukira kale kuchokera ku Rumphi. Ine ndimati abwera kudzapepesa Amama. Ayi ndithu, abwerera gitala. Ija ya hawayani, yoigoneka pamiyendo n'kumayendetsa botolo pazingwe.

Akuti agogo ndiwo anabwera nayo kuchokera ku Halale, ndiye ndi katundu wa kumudzi, osati wa mkazi wamasiye wa ku Dedza. Amama akuti za ku Halale sakuzidziwa. Chomwe akudziwa n'chakuti ukwati wawo wonse gitalayi yakhala ikulira pakhonde pano ku Katoto. Mapeto ake agwirizana kuti tipeze zaka zake. Ikakhala ya nthawi ya agogo, ipita ku Rumphi. Ikakhala yogula Adada, itsala ndi Amama.

Munthu wamkulu, dikoni wathunthu, kulimbirana gitala ndi namfedwa. Zandinyansa.

Lachiwiri, 15 Julaye

Ndaitsitsa pamwamba pa wodulopu, pomwe yakhala chidwalireni Adada. Kungoigwedeza pang'ono, mphemvu balala pamphasa, kenako buluzi wouma phwa! Fungo lake losakamba.

A Blackson (ndiziti a B.) alowetsa mphuno yonse pabowo la gitala, n'kukoka mpweya ngati akununkhiza ndiwo. "Fungo la Rhodesia ili, mwana wane. Lakale chomene." Anyambita chala, apukuta thabwa, anyambitanso. Kenako chala chomwecho m'mbale ya zitumbuwa, osasamba. Ine tiyi ndamwa wopanda chotafuna.

Lachinayi, 17 Julaye

Mawawa tsiku lonse, kuzizira kolowa m'mafupa. Pobwera kuntchito ndawapeza a B. pakhonde, gitala pamiyendo, mpeni kumanja, akusema khosi lake! Akuti akufuna aone mizere ya m'kati mwa mtengo, awerenge zaka monga amachitira a zankhalango ku Chikangawa. Timapalipali ta thabwa mbwee pansi, pamalo penipeni pomwe dzanja la Adada linasalalitsa.

Ndawalanda osapempha. Iwo: "Ana a masiku ano mulije nchindi, ulemu munasiya kusukulu." Kaya. Amama anali kukhitchini, akutsuka poto woyera kale, misozi ili chuchuchu. Munthuyu akugona pabedi la mlongo wanga, akudya zathu, ndipo mbale yake sachotsa. Ndikamuona akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi, ndimayang'ana kumbali.

Loweruka, 19 Julaye

Tapita nayo ku Geisha kwa a Stanford, aja amakonza magitala ndi makiyibodi a makwaya. A B. anakana kutsala, akuti tingawabere zaka panjira.

A Stanford aunika m'kati ndi tochi ya foni. Kapepala ka fakitale kanalipo, koma mphemvu zinadya, kwatsala guluu yekha. Ndiye ayang'ana zina. Zokungira zingwe zachita chikasu ngati mano a wosuta fodya. Vanishi wang'ambikang'ambika. Zingwe zili patali ndi khosi, akuti anaipangira kuimba ndi botolo kuyambira kufakitale. Aona pamene pasemedwa, andiyang'ana, ine ndaloza a B. ndi mlomo.

"Chaka chenicheni sindinganame," atero. "Koma ndi ya m'ma fifite, ikachedwa kumayambiriro kwa sikisite."

Nthawi imeneyo Adada anali asanayambe n'komwe sukulu. Mtima wanga unangoti phwii. A B. m'manja phaphapha, "Yewo chomene, adada, yewo!" A Stanford anagogodanso kumsana kwa gitala, akuti thabwa ili lokha si lake, wina anachita kukhomerapo pambuyo pake. A B. sanamve, anali kale pafoni kuuza akumudzi kuti mlandu wawakomera.

Amama nditawafotokozera zonse, anangoti, "Chabwino." Basi.

Lamulungu, 20 Julaye

Kutchalitchi awapatsa a B. pemphero ngati mlendo. Apempherera amayi amasiye. Ndinatuluka.

Lolemba, 21 Julaye

M'mawa a B. avala jekete, chikwama chili pakhomo, wa njinga akudikira pageti. Amama apempha kuti aigwireko komaliza. A B., mokoma mtima ngati akupereka yawo, "Gwirani, alamu, gwirani."

Amama akhala pampando wa Adada, aigoneka pamiyendo, koma chafufumimba. Atulutsa hamala m'chitenje. Ndisanati n'komwe "Amama", alowetsa mano a hamala m'mphepete. Timisomali kulira kwiii, kamodzikamodzi. A B. kukamwa yasa. Thabwa la kumsana lachoka lonse.

Amama akuti, "Alamu, ichi ndi chitseko cha kabati yanga ya ukwati. Akulu anu anachichotsa chaka chomwe gitala inagwa n'kuphwanyika, ine n'kumatchinga mbale zanga ndi nsalu mpaka lero. Zakale ndi zanu, tengani. Ichi n'changa."

Gitala awapatsa ndi manja awiri, mpaka kunjuta. A B. ainyamula, ndipo ndimaona geti kudzera pabowo. Akhudza chingwe chimodzi, kaphokoso ngati waya wa pampanda. Wa njinga waseka mpaka kugwira chishalo.

Sanatsanzike. Pano ndikulemba, kukhitchini kukumveka hamala.