Mutu wa a Semisi Sugwiridwa

Al Mansoura, Doha
Loweruka

Okondedwa achemwali Asiyatu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Nanga Fahadi wanga, chifuwa chija chinatha? Ine sindikudwala, koma mukhululuke malembedwe.

Amuna anga a Latifu ali m'manja mwa apolisi kuyambira dzulo.

Mu rumu mwawo amagona ndi masikiyuriti anzawo awiri a ku Fiji, a Semisi ndi Viliame. Kwawoko akuti ndi kachilumba koti ukayamba kukazungulira wapansi m'mawa, masana wafika pomwe unayambira. Mudzi umodzi basi, anthu osakwana 200. Koma aliyense amabadwa ndi malo ake, ena aufumu, ena asodzi, ena ankhondo oteteza mfumu. A Semisi ndi aufumu, Viliame ndi wa ankhondo. Poti kuntchito onse amaima pageti, wowayang'anira nkukhala a Latifu, ife tinkaziyesa nkhani zocheza.

Dzulo ndinali pa ofu, ndiye masana ndinapita kukawasitira mayunifomu. Onse atatu amaonera mpira pafoni atakhala pansi. Timu ya a Semisi italuza, a Latifu mwanthabwala anawasisita pamutu, eti pepani mfumu ya nsomba. Osadziwa kuti kwawoko mutu wa munthu waufumu sugwiridwa.

Viliame anawalumphira a Latifu. Chibakera chimodzi, mano awiri pansi. Anawagwira pakhosi nkuwamenyetsa mutu kuchitsulo cha bedi, kawiri, katatu, magazi mpaka kukhoma. A Semisi amakuwa m'Chiarabu kuti khalas, khalas, kutanthauza basi, iye osamva. Ndinaona maso a amuna anga atatembenuka.

Achemwali, ayironi inali m'manja mwanga, yamoto. Ndinamumenya nayo pakhutu ndi mphamvu zanga zonse. Fungo la khungu lopsa silikuchoka m'mphuno. Ali kuchipatala, sanatsitsimuke.

Apolisi atabwera, a Latifu anati amenya ndi iwo. Koma a Semisi andiyimbira lero akulira, akuti Viliame wagwa chifukwa cha iwo, mudzi wonse udzawafunsa, ndiye mawa akakafunsidwa sakanama.

Sindidikira kuti adzanditenge kuntchito anthu akuona. Mawa ndipita ndekha kupolisi.

Chonde Fahadi akhale mwana wanu. Apongozi akabwera kudzamutenga mukane, kumeneko amamenya ana. Amayi musawauze kaye ndi BP yawo ija, mungowapatsa moni. Mwanayo muzimuonetsa chithunzi changa, angandiyiwale nkhope.

Allah akusungeni nonse. Mundichitire duwa, mundipempherere.

Ndine mng'ono wanu,
Mwanaisha