Yankho la Msonkho Lapita ku Dedza

Okondedwa azakhali,

Muli bwanji kumeneko? Kuno ku Zengeza, pafupi ndi Harare, tili bwino, kungoti ine ndakwiya.

Ndinachedwa kutumiza mapepala a msonkho a shopu yanga ya ukalipentala, ndiye bambo anandilembera mapepalawo, ine n'kukawaponya ku positi. Ndinadikira yankho mpaka kutopa. Dzulo ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, kupita ku ofesi ya msonkho ku Harare. Nditaima pamzere m'mawa wonse, anandiuza kuti anayankha kalekale, kalatayo inapita ku Dedza! Pamalo polemba kwathu, bambo analemba mudzi wanuwo, umene anachokako ali khanda.

Nditawafunsa, anangoti, "Nanga kwathu n'ku Zengeza?"

Chonde kafufuzeni ku positi, chindapusa chisanandimalize. Mulungu akusungeni, ine andipatse mtima wopirira achimwene anuwa.

Mwana wanu,
Yohane