Kupinda Nsalu ndi a Sakala

Lachinayi, Okutobala. Dzuwa la ku Mfuwe lafika poumitsa tawulo usanaliyanike, koma ine mtima uli mbee.

Dzulo ndinamva kukhitchini kuti a Sakala, otichapira zovala pa loji pano, akufuna kusiya ntchito. Ine kakasi! Si ine ndinawaimiritsa Lolemba pamsonkhano wa m'mawa, tonse n'kuwaimbira nyimbo chifukwa alendo anayamikira matawulo? Ndinavinanso, ine manijala wathunthu.

Lero sindinawaitanire ku ofesi, poti kumeneko amangoyang'ana nsapato zawo n'kumati "inde bwana". Ndinawatsatira kochapira, ndinati mwaswera bwanji, n'kugwira nsonga ya nsalu ya pabedi kuti tipinde limodzi. Kenako ndinatseka pakamwa. Mayeso a ku koleji anali opepuka kuposa zimenezi.

Tinapinda, tinapinda, mpaka anayamba okha kulankhula, maso ali pansalu.

"Bwana, tsiku lija ndinalakwa chiyani?"

"Kulakwa? Tinkakuyamikanitu!"

"Kunyumba sindinadye. Anthu onse aja kundiyang'ana ngati njovu yalowa m'munda."

Ndinafunsa kuti nanga ndiziwathokoza bwanji. Anaganiza nthawi yaitali, ine lilime likundiyabwa, koma ndinapirira.

"Muzingobwera kuno n'kunena kuti zili bwino. Motsitsa mawu. Osavina."

Akuti sachoka. Nsalu zonse zimene ndinagwira ine anazipindanso mwakachetechete, ndipo ndikuganiza kuti ndinawaona akumwetulira.

Tsono nkhani yokoma chonchi ndiisunge ndekha? Mwina ndingouza dalaivala wathu yekha, koma iyenso pakamwa pake...